Abwana akutilonda mpaka pa foni, kodi malire ake ndi pati?

Amake Tadala:
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani ikundisowetsa mtendere, omwe mumadziwa za malamulo a ntchito ndithandizeni chonde. Komwe ndimagwira ntchito timabwereketsa ndalama ku magulu a amayi, dzina sinditchula. Atiuza kuti tonse oyenda m'filudi tiike ka app pa mafoni athu koonetsa pomwe tili. Foni ndi yanga ndinagula ndekha, iwo amangotipatsa ya mayunitsi pang'ono pakutha pa mwezi. Poyamba anati akufuna aziona ngati tafikadi ku Jali kapena ku Mayaka kukatolera ngongole, ine sindinaone vuto chifukwa alipodi ena amanama kuti apita pomwe angokhala pa depoti tsiku lonse. Koma kanthuka sikazima, usiku kakugwira ntchito, Loweruka ndi Lamulungu kakugwirabe, ukakazimitsa m'mawa mwake akukufunsa kuti unazimitsiranji. Nde Lolemba lapitali mnzathu wina anamufunsa pamaso pa tonse pa mitingi kuti Loweruka unakhalitsa ku chipatala cha Central, ukudwala chani? Mtsikanayo anangozyolika misozi ili lengelenge. Zomwe anapitira kuchipatala akudziwa ndi mwini wake. Kodi abwana ali nazo mphamvu zimenezi eti?

Nachisale wa ku Chikanda:
Iii koma abale zinazi. Kumufunsa munthu matenda pagulu? Ndapsa mtima ngati achitira ine. Loweruka si tsiku lawo limenelo.

Bambo a Hadiweya:
Ndiyankhuleko ngati munthu olemba anthu ntchito, musandigende. Zofunsa matendazo ayi ndi zolakwika, pamenepo sinditsutsa. Koma tisangoti kulonda antchito konse ndi nkhanza. Ine ndili ndi shopu ya simenti, malata, penti ndi misomali, ndisanaike makamera sitoko inkangoperewera mwezi ndi mwezi, thumba la simenti amalemba kuti lang'ambika pomwe latulukira khomo la kuseri pa njinga ya kabaza, misomali ya pa sikelo nde osakamba. Ngongole ya ku banki yomwe ndinatenga kuoda katundu ameneyo samaimva kuti anyamata akuba, amafuna ndalama yawo basi. Nditaika kamera pa kauntala ndi ina kosungira katundu zinasiya. Komanso kamera yomweyo inapulumutsa mnyamata wanga tsiku lina, kasitomala anachita phokoso kuti wasiya ndalama pa kauntala mnyamatayo wabisa, titabweza vidiyo tinaona kuti anazibwezera yekha m'thumba la jekete. Pakanapanda kamera mwana uja akanagona ku polisi.

Nachisale wa ku Chikanda:
Bambo kamera yanu ili mu shopu mwanu, anyamata akaweruka imatsala momwemo. Ya asisiwa ikupita nawo kunyumba mpaka kuchipinda. Sizofanana.

Bambo a Hadiweya:
Pamenepo ndavomera mayi. Ndimangofuna mbali yathu imvekenso.

Dalaivala wa Matawale:
Ife madalaivala nde tinazolowera, galimoto ya kampani ili ndi traka ndipo ine sindidandaula chifukwa galimoto ndi yawo mafuta ndi awo, ndipo mafuta mmene akuvutiramu munthu aliyense angafune kudziwa kuti ayenda bwanji. Vuto langa ndi limodzi. Traka imangonena kuti galimoto yaima pakuti kwa nthawi yakuti, siinena chifukwa. Tsiku lina ndikuchokera ku Blantyre mvula inagwa yoopsa, mawaipa akugwira koma kutsogolo osaoneka, ndinaima pa Namadzi kudikira kuti ipepuke. Kufika kuno ndinapeza kalata ya chenjezo yalembedwa kale akuti ndinaima kunyamula matola. Palibe anandifunsa. Anakhulupirira kompyuta kuposa munthu amene wawayendetsa zaka zonsezi opanda ngozi. Chomwe chimandiwawa ine n'chimenecho, kuti makinawa akabwera anthu amasiya kufunsana.

Mwana wa Chirunga:
Amayi a Tadala pepani ndi zomwe mukudutsamo. Ine ndikuphunzira za malamulo, sindine loya panopa nde muzitenge ngati poyambira, koma izi ndi zomwe zinalembedwa. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu osunga chinsinsi chake, ndipo limatchula zinthu mwachindunji: osasechedwa thupi, nyumba kapena katundu, osalandidwa zinthu zako, komanso osasokonezedwa pa kulumikizana kwako ndi anthu, makalata ndi mafoni omwe. Ufulu umenewu sumauvula pa geti polowa ku ntchito ayi. N'zoona kuti ufulu umatha kuchepetsedwa, gawo 44 limalola, koma limati pakhale lamulo lolola zimenezo, zikhale zomveka komanso zofunikadi, osati abwana angodzuka n'kuganiza.

Chinanso chomwe anthu ambiri sanachimve, mu 2024 kunabwera lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, ndipo oyang'anira lamuloli ndi a MACRA. Pomwe muli nthawi ina iliyonse, chithunzi chanu, chidindo cha chala chanu, zonsezo ndi mbiri yanu pa lamuloli. Otolera zinthu zimenezi ayenera kukuuzani kuti akutolera chani komanso chifukwa chani, asatolere zopyola pa cholinga chomwe anena, ndipo asazigwiritse ntchito ina yosiyana ndi yomwe ananena. Nde taonani nkhani yanuyi, cholinga anati ndi kuona ngati mwafika ku magulu. Loweruka madzulo kuli gulu lanji? Kulibe. Nde kutolera kwa Lowerukako n'kopyola kale, kenako kutenga zomwe aonazo n'kukafunsa nazo matenda pa mitingi n'kupyolanso kachiwiri, ndipo nkhani za umoyo lamulo limaziteteza mwapadera kuposa zina zonse.

Amake Tadala:
Zikomo achimwene. Koma vuto tinasayina pepala. Anatibweretsera fomu m'mawa tikunyamuka, anati aliyense asayine, amene sakufuna anene tione chochita naye. Mmene ntchito zikusowera muno mu Zomba ndani akananena kuti sindisayina? Ine ana awiri ali pa sukulu, lendi ikundidikira.

Mwana wa Chirunga:
Kusayina kwa mtundu umenewo n'kofooka amayi, chilolezo chenicheni ndi chomwe munthu angathe kukana osaluza kanthu. Komanso taonani bwino fomuyo kuti inalemba chani. Ngati inalemba za nthawi ya ntchito basi nde kuti iwo ndi amene aphwanya pepala lawo lomwe. Pemphani kope lake, ndi ufulu wanu kukhala nalo.

Agogo a ku Sadzi:
Ana anga ndilowererepo. Ine ndinagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito mpaka kupuma. Kulonda antchito sikunayambe lero. Nthawi yathu pakhomo pamakhala buku, aliyense ofika amasayina ndi kulemba nthawi, ikakwana 7:30 mkulu amabwera ndi cholembera chofiira ndi lula n'kudula mzere, osayina pansi pa mzerewo amadziwa yekha kuti wachedwa. Anthu amathamanga kukwera chitunda thukuta lili kamukamu kuopa mzere umenewo. Koma bukulo limadziwa chinthu chimodzi chokha, nthawi yomwe wafika. Silimadziwa komwe wagona, amene wacheza naye, kapena kuti mkazi wako ali kuchipatala. Ukaweruka umakhala munthu wa kwanu, abwana ukakumana nawo pa msika mumangopatsana moni. Olemba ntchito anagula maola anu ndi mphamvu zanu pa maola amenewo, sanagule moyo onse. Ndipo ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso, ofesi yomwe mkulu amakhala ndi akazitape ake anthu amasiya kumuuza zoona, galimoto ikagunda amabisa, ndalama ikasowa aliyense amaloza mnzake, mkuluyo amakhala omaliza kudziwa chilichonse.

Dalaivala wa Matawale:
Agogo mwalasa. Kwathu panopa tayala likaphulika anthu amayamba ajambula kaye chithunzi asanagwire jeki, kuti akhale ndi umboni.

Wakwathu ku Dublin:
Moni a kwathu. Kuno ku Ulaya nkhani zimenezi zinafika kale m'makhoti nde ndikupatseni ziwiri zitatu zomwe zimakambidwa. Ku Germany mu 2020 kampani ya zovala ya H&M anailipiritsa chindapusa choposa mayuro 35 miliyoni chifukwa pa ofesi yawo ya ku Nuremberg mabwana amati munthu akabwera kuchokera ku holide kapena kodwala amacheza naye ngati akumulandira, kenako n'kukalemba mu kompyuta matenda ake, mavuto a m'banja mwake mpaka za chipembedzo chake, mabwana ena n'kumawerenga. Mukuona kuti zikufanana ndi za mtsikana wa ku Central uja. Ina ndi ya munthu wa ku Romania, anamuchotsa ntchito mu 2007 chifukwa amatumizirana mauthenga ndi mchimwene wake komanso chibwenzi chake pa Yahoo Messenger ya ku ntchito. Khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu mu 2017 linagamula kuti ufulu wake unaphwanyidwa, chifukwa chachikulu n'choti sanamuuziretu kuti aziwerenga zomwe akulemba komanso kuti adzafika nazo pati. Koma a Hadiweya nanunso yanu ilipo, khoti lomwelo mu 2019 linavomereza makamera obisika omwe supamaketi ina ku Spain inaika, chifukwa katundu amasowadi, makamerawo analoza pa malo olipirira okha ndipo anakhalapo masiku owerengeka. Nde sikuti amaletsa kulonda, amafunsa kuti chifukwa chake n'chani, unawauza, ndipo panalibe njira ina yopepukirapo?

Bambo a Hadiweya:
Anga ndinawauza tsiku loika ndipo pakhomo pali chikwangwani. Ku bafa ndi komwe amasinthira zovala sindinaike, olo munthu atandiuza kuti ndiike sindingalole.

Nachisale wa ku Chikanda:
Za ku Ulayazo n'zabwino kumva koma kuno ndani angatengere bwana wake ku khoti ndi malipiro athuwa? Ine ndikufuna tikambe za kusecha pa geti. Ndinagwirapo pa malo ena opakira katundu, poweruka tonse pa mzere, zikwama kutsegula, kontena ya nsima kutsegula, mpaka pamenepo tinkapirira. Koma masiku ena mlonda wamkazi akapanda kubwera amatisecha ndi abambo, kukupapasa m'chiuno akuti mwina wamangirira katundu mkati mwa chitenje, anthu odutsa mu msewu akuonerera. Mayi wina wamkulu oti angakhale mayi anga anamukhuthulira chikwama pansi, zinthu zake za kumwezi zili mbwee pa fumbi anyamata akuseka. Sanabe kalikonse. Tsiku limenelo ndinalira ine osati iye. Ndipo mabwana a mu ofesi amatuluka pa geti lomwelo pa galimoto buti osatsegulidwa.

Agogo a ku Sadzi:
Mwana wanga zimenezo n'zochotsa ulemu ndipo palibe buku la ntchito lingazivomereze. Kusecha kumayenera kulembedwa mu malamulo a pa malopo, munthu adziwiretu polowa ntchito, wamkazi asechedwe ndi wamkazi mnzake kuseri osati pa msewu, ndipo ngati mukusecha sechani onse kuyambira wa pa galimoto.

Mwana wa Chirunga:
Asisi a Nachisale nkhani ya ndalama za khoti ndikuimva, koma simuyambira kwa loya. Mumayambira ku ofesi ya leba ya boma lino, amaitanitsa olemba ntchito n'kukambirana. Zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za ntchito, ndipo kumeneko anthu ambiri amadziyankhulira okha. Employment Act ya 2000 pa gawo 57 imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito apatsidwe mpata odziteteza. Nde achimwene a dalaivala, zomwe traka yaonetsa sizingakhale chigamulo pazokha, ayenera kukumvani kaye. Ndipo amene ayenera kuonetsa kuti chifukwa chochotsera munthu chinali chomveka ndi olemba ntchito, osati inu. Chofunika kukumbukira, ukachotsedwa usakhale nazo pakhomo, dandaulo limayenera kukafika kwa a leba pasanathe miyezi 3. Anthu ambiri amaluza poyembekezera kuti mwina abwana asintha maganizo.

Chinanso poti nkhani yayambira kuchipatala, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa olemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti amulembe ntchito. Ndikunena izi chifukwa mafunso oti ukudwala chani nthawi zambiri amalowera komweko kapena ku mimba, ndipo kuchotsa mayi ntchito chifukwa choti ndi oyembekezera ndi mlandu.

Aphunzitsi a ku Domasi:
Nanga za ma status? Pa sukulu ina ya pulaiveti mnzanga anaitanidwa ku ofesi chifukwa analemba pa status yake ya WhatsApp kuti mwezi watha malipiro sanaoneke. Sanatchule sukulu. Wina mwa anzake omwe anajambula sikirinishoti n'kukapereka kwa a dayirekita.

Bambo a Hadiweya:
Apa nde ndisiyana nanu pang'ono aphunzitsi. Status anthu onse ali ndi nambala yako amaona, makolo a ana omwe. Chimenecho si chinsinsi, wachiika wekha poyera. Wantchito wanga atalemba zonyoza shopu yanga makasitomala n'kuona ndingamufunse ndithu.

Aphunzitsi a ku Domasi:
Kumufunsa chabwino, koma ananama? Malipiro sanaperekedwedi. M'malo mothamangira kulipira anthu akuthamangira kufufuza amene wadandaula. Ndipo anamuuza kuti atsegule foni awaonetse gulu la aphunzitsi lomwe amakambirana okhaokha kuti aone ena amene akuyankhula.

Mwana wa Chirunga:
Ziwirizi n'zosiyana. Zomwe waika poyera abwana akhoza kuziona ngati munthu wina aliyense, nde tizisamala polemba. Koma kukuuza kuti tsegula foni yako tiwerenge mauthenga, kapena tipatse pasiwedi, pamenepo ndi pomwe gawo 21 likukana. Olo apolisi amayenera kutsata ndondomeko ya malamulo kuti aseche foni ya munthu, nanga a dayirekita ndi ndani? Foni kapena laputopu ya kampani ndi nkhani ina, imeneyo ingoganizani kuti akhoza kuona, musaikemo zanu.

Anaphiri a ku Mulunguzi:
Ndakhala ndikungowerenga koma ndifunse nane, ndipo ndikufunsa ndi mtima onse. Ine ndimachoka m'mawa kubwera madzulo, mwana wanga sanayambe kuyankhula, amatsala ndi mtsikana wantchito. Ndinaika ka kamera pa sitingirumu pamwamba pa kabati, ndimaona pa foni ndili ku ntchito. Sindinamuuze. Tonse taonapo mavidiyo a ana akumenyedwa ndi owalera, mwana wanga sangandiuze kanthu atachitidwa chipongwe. Ndalakwa pamenepa? Nyumba ndi yanga mwana ndi wanga.

Nachisale wa ku Chikanda:
Mantha anuwo ndikuwamva asisi, nanenso ndine kholo. Koma bwanji osamuuza?

Anaphiri a ku Mulunguzi:
Ndikamuuza azingochita bwino pomwe pali kamera, zoipazo azikachitira kuseri.

Mtsikana wa ku Chingale:
Amayi ndiyankheko ine chifukwa ntchito imeneyo ndagwirapo. Nyumba yomwe ndinkagwira ndinalibe chipinda, ndinkagona pa sitingirumu pomwepo, usiku kuyala mphasa m'mawa kupinda. Ndikachoka kosamba ndinkavalira pomwepo poti masana m'nyumba mumakhala ine ndi mwana basi. Tsiku lina ndikupukuta fumbi pa shelefu ndinapeza kanthu kakuda kuseri kwa maluwa a pulasitiki kali ndi kagetsi kofiira, ndinafunsa mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo anandiuza kuti ndi kamera. Thupi lonse linazizira. Ndinayamba kuwerenga masiku onse omwe ndinavula pamenepo, ndipo foni yomwe amaonerapo sinali ya amayi okha, abambo a m'nyumbamo analinso nayo. Sindinamenyepo mwana wawo olo kamodzi, ndinkamubereka kumbuyo ndikuchapa, akadwala ndinkagona naye ine. Ndinachoka osatsanzika bwino ndipo ndalama za masiku omaliza ndinazisiya, sindikanatha kuwayang'ananso kumaso abambo aja.

Agogo a ku Sadzi:
Pepa mwana wanga. Pepa kwambiri.

Dalaivala wa Matawale:
Eee zinthu zake zomvetsa chisoni. Anthu amaiwala kuti kwa wantchito wa m'nyumba pa ntchito ndi pomwenso pali pogona pake.

Anaphiri a ku Mulunguzi:
Wanga ali ndi chipinda chake ndipo kumeneko kulibe kamera, foni ndi yanga yokha bambo a mwana alibe. Koma zoti mwina amasinthira pa sitingirumu masana zandiopsa. Komabe abale mwanayo ndimuteteza bwanji?

Mwana wa Chirunga:
Kuteteza mwana ndi chifukwa chomveka amayi, palibe angakutsutseni. Koma wantchito wa m'nyumba nayenso ndi wantchito pa malamulo, ufulu wake ndi omwewo. Muuzeni kuti pa sitingirumu pali kamera, muonetseni pomwe ili, mavidiyo musatumizire anthu ndipo muzifufuta pakapita nthawi. Zoti akachitira kuseri, kamera yobisika nayonso kuseriko siiona.

Bambo a Hadiweya:
Ndipo kamera yodziwika ndi imene imaletsa choipa chisanachitike mayi. Yobisika imangokuonetsani mwana atamenyedwa kale.

Anaphiri a ku Mulunguzi:
Nanga ndikamuuza lero kuti yakhalapo nthawi yonseyi, sandithawa? Mtsikanayu mwana amamukonda, akamuona amasiya ine kuthamangira iye.

Mtsikana wa ku Chingale:
Akhoza kukhumudwa amayi, ine sindingakunamizeni. Koma mukhale naye pansi inu nokha osati pa anthu, mumuuze kuti munaika chifukwa cha mantha a mwana osati kuti munamugwira ndi kanthu, mumupatse foniyo aone yekha mbali yomwe kamera imajambula ndi yomwe siijambula, mumuuzenso kuti abambo saona. Akafunsa ngati munaonapo akuvala muyankhe zoona. Ndipo musadikire kuti aipeze yekha popukuta kabati, amapukuta tsiku lililonse pamenepo.